Kupanga easel ya matabwa ndi zida zamanja: malangizo a pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene amapala matabwa pa nthawi yawo yopuma amayesapo kupanga easel, chipangizo cha miyendo itatu chimene ojambula ndi penti, olemba zikwangwani ndi aphunzitsi amaimikapo kanivasi (nsalu yojambulapo) kapena bolodi. Zimene zimatuluka nthawi zambiri zimagwedera wojambula akangogunditsa burashi, shelefu yake imapendekera mbali imodzi, ndipo mwendo wakumbuyo umaterereka pa simenti mpaka chithunzi kugwa penti isanaume. Mavuto amenewa amayambira pa zinthu zitatu: matabwa osauma, miyendo yakutsogolo imene yadulidwa uliwonse pawokha n'kusiyana kapendekedwe, ndi malo olumikizira amene angokhomedwa misomali. Malangizo awa ndi a easel yotalika pafupifupi 190 cm, yonyamula kanivasi yofika 110 cm m'litali, yopindika bwino kuti iime kuseri kwa chitseko, ndipo ntchito yonse ingathe kugwiridwa pakhonde popanda magetsi.

Zida zofunika

Mufunika sowo yaikulu yong'ambira ndi kudulira matabwa, sowo yaing'ono ya mano ang'onoang'ono yokhala ndi msana wachitsulo, puleni, tchizulo ya 25 mm ndi ina ya 8 mm kapena 6 mm, nyundo ya mtengo yomenyera tchizulo, sikweya, tepi yoyezera, geji yolembera mizere m'mbali mwa thabwa, pensulo, mpeni wakuthwa, choko, chiboolero chamanja ndi mabiti a 3 mm ndi 9 mm, sikuludiraiva, mwala wonolera, ndi zopanira zinayi. Ngati biti ya 9 mm simuipeza, ya 3/8 inchi igwira ntchito yomweyo. Amene alibe zopanira angagwiritse ntchito malegeni odula ku chubu chakale cha njinga kapena galimoto, chifukwa akakulungidwa mokoka kangapo amapana mwamphamvu zokwanira guluu.

Nolani puleni ndi matchizulo musanayambe. Paini ndi mtengo wofewa, ndipo tchizulo yobuntha imaufinya ndi kuunyenya m'malo moudula, motero mipata imene musema imatuluka yokumbika pansi.

Zipangizo zogula

Matabwa a paini a mainchi 6 x 1, okwana mamita 6 onse pamodzi. Ntchitoyi imadya pafupifupi mamita 4.5, koma otsalawo akupatsani mwayi wolambalala mfundo ndi ming'alu. Mufunikanso guluu woyera wa matabwa, mabawuti awiri a 8 mm otalika 65 mm a mutu wobulungira ndi khosi la makona anayi, manati awiri a mapiko omanga ndi zala, mawasha awiri otakata, hinjesi imodzi yooneka ngati chilembo cha T yotalika 150 mm, masikuluwu a 19 mm ndi a 40 mm, tcheni chopepuka kapena chingwe cholimba cha mita imodzi, timbedza tiwiri topota m'thabwa, sandipepa ya nambala 80, 120 ndi 180, vanishi kapena mafuta a linseed, ndi kachidutswa ka labala ya tayala. Zachitsulo zonsezi zimapezeka m'mashopu a hadiweya ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi m'tauni ya Blantyre. Bawuti ndi nati ya mapiko muziyese pamodzi muli m'shopu momwemo, chifukwa mazinga a mamilimita ndi a mainchi amafanana pongoyang'ana koma samangana.

Zidutswa zimene mudula, zonse zochindikala 22 mm zikapalidwa, ndi izi. Za 45 mm m'lifupi: miyendo iwiri yakutsogolo ya 170 cm, mwendo wakumbuyo wa 160 cm, ndi mzati wapakati wa 145 cm. Za 70 mm m'lifupi: mtanda wapansi wa 70 cm, mtanda wapamwamba wa 38 cm, matabwa awiri a shelefu a 65 cm lililonse, ndi zidutswa zitatu za 15 cm. Tizidutswa ting'onoting'ono totsala tituluka m'zodulidwa.

Kusankha ndi kuumitsa matabwa

1. Sankhani thabwa lililonse ndi manja anu. Paini wogulitsidwa ku Ndirande, ku Limbe ndi m'misika ina ya mumzinda wa Blantyre amachokera m'nkhalango zobzalidwa monga ya Chikangawa ndi ya pa phiri la Zomba, ndipo nthawi zambiri amafika pamsika asanaume. Nyamulani thabwa mbali imodzi, tsinzinani diso limodzi, ndipo yang'anani m'mphepete mwake kuyambira pamene mwagwira mpaka kumapeto. Lopindika pang'ono lingawongoke ndi puleni, koma lopotoka lisiyeni, chifukwa mwendo wopotoka umapotoza chimango chonse. Pewani mfundo zakuda zogwedera, malo otuluka utomoni, ndi thabwa limene lili ndi mtima wa mtengo pakati pake, pakuti limeneli limang'aluka ndi kupindika kwambiri pouma. Thabwa lolemera kuposa anzake a msinkhu womwewo ndiponso lozizira pa dzanja likadali ndi madzi ambiri.

Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola, koma ndi yolemera, yokwera mtengo, ndipo ikusowa m'nkhalango zathu. Pa chipangizo chimene chidzadonthera penti tsiku ndi tsiku, ine sindiona chifukwa choiwonongera. Bulugamu amakonda kung'aluka ndi kupotoka akadulidwa mowonda chotere. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, ndipo wina akakutsatsani muukane. Matabwa obiriwira ndi mankhwala oteteza ku chiswe ndi a denga, osati a ntchito yogwiragwira ndi manja, ndipo zodulidwa zake siziyenera kusonkhezedwa pamoto wophikira.

2. Umitsani matabwa pamthunzi musanawadule. Ayaleni pamalo athyathyathya podutsa mphepo, otalikira pansi, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo tofanana kukula totalikirana pafupifupi 40 cm, kenaka sanjikani njerwa pamwamba. Musawayanike padzuwa la mwezi wa October pofuna kufulumira, chifukwa kunja kuuma msanga mkati mukadali monyowa ndipo thabwa ling'aluka. Njira yodalirika yodziwira kuti auma ndi kuyeza thabwa limodzi pa sikelo sabata iliyonse: likasiya kupepuka, lafanana ndi mpweya wa pamalo panu. M'nyengo ya dzinja, ndi m'masiku a chiperoni a June ndi July, kuuma kumachedwa, choncho musawerengere masiku koma sikelo.

Kung'amba ndi kupala

3. Dulani matabwa m'zigawo za 180 cm, 180 cm ndi 75 cm, kenaka ang'ambeni m'litali. Chigawo choyamba chitulutsa zidutswa zitatu za 45 mm, chachiwiri chimodzi cha 45 mm ndi china cha 70 mm, chachitatu ziwiri za 70 mm. Polemba mizere siyani 3 mm yoonjezera pa chidutswa chilichonse kuti puleni idyepo. Kung'amba ndi sowo yamanja kumatopetsa, ndipo palibe cholakwika kupempha a makina a pafupi ndi ogulitsa matabwa kuti akung'ambireni. Sowo ikayamba kupanika, lowetsani kamtengo kosongoka m'njira imene yadutsa kale. Mukang'amba, siyani zidutswazo masiku awiri kapena atatu zitayalidwa monga poyamba, chifukwa thabwa likang'ambidwa limamasuka ndipo lina limapindika. Ndi bwino lipindike musanalipale.

4. Palani nkhope imodzi ya chidutswa chilichonse mpaka itawongoka, ndipo ilembeni chizindikiro ndi pensulo. Palani m'mphepete umodzi kuti ukhale pa sikweya ndi nkhopeyo, nawonso muulembe. Kuchokera pa mbali ziwiri zolembedwazi, kokani mizere ndi geji ya 45 mm kapena 70 mm ndi ya 22 mm, ndipo palani mpaka pamizerepo. Puleni ikamazula m'malo mopala, tembenuzani thabwa kuti mutsatire kumene mizere ya mtengo ikulowera. Ngati matabwa anu anachekedwa mopyapyala ndipo afika 20 mm, palibe vuto, malinga zidutswa zonse zichindikale mofanana. Miyendo iwiri yakutsogolo ipaneni pamodzi ndi kuipala m'mphepete nthawi imodzi.

Kujambula chimango pansi

Gawo lino ndi limene limapulumutsa ntchito yonse. Miyendo yakutsogolo imapendekera mkati ndi madigiri pafupifupi 8.5, ndipo kuyeza ngodya yotere kanayi ndi chida cha kusukulu kumabweretsa ngodya zinayi zosiyana. Njira yabwino ndi kujambula chimango chonse pansi pa kukula kwake kwenikweni, kuyalapo matabwa, ndi kulemba thabwa lililonse kuchokera pa linzake.

5. Pezani simenti yosalala ndi yathyathyathya, kapena pulayiwudi yaikulu. Kokani mzere wowongoka wa 168 cm, umene ukhale pakati pa easel. Kumunsi kwake kokani mzere wopingasa ndipo lembani 37.5 cm mbali iliyonse. Kumtunda lembani 12.5 cm mbali iliyonse. Lumikizani zizindikiro za kumunsi ndi za kumtunda: mizere iwiri yopendekerayi ndi kunja kwa miyendo. Kokaninso mizere iwiri yopingasa, umodzi pa 45 cm ndi wina pa 151 cm kuchokera kumunsi, yosonyeza m'mphepete mwa kunsi kwa mitanda. Sikweya yaing'ono imanama pa mizere yaitali, choncho tsimikizani mzere wa kumunsi motere: yezani 30 cm pa mzere wopingasa ndi 40 cm pa mzere wapakati, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala 50 cm ndendende. Nolani choko kuti mzere ukhale wowonda, apo ayi gwiritsani ntchito pensulo.

6. Gonekani miyendo iwiri ndi mzati wapakati pa chojambulacho, nkhope zake zabwino zitayang'ana pansi. Kunja kwa miyendo kukhale pa mizere yopendekera, mzati ukhale pakatikati ndipo kumunsi kwake kulekezere pa mzere wa 45 cm, kumtunda kupitirire miyendo. Psinjani zonse ndi njerwa kuti zisasunthe. Sanjikani mitanda iwiri pamwamba pake, nayonso nkhope itayang'ana pansi, ndipo mapeto ake atuluke kunja kwa miyendo mbali zonse.

7. Lembani ndi mpeni, osati pensulo, chifukwa mzere wa pensulo ndi wonenepa ndipo mamilimita amene umabisa ndi amene amagwedeza easel. Tsatirani m'mphepete mwa mtanda uliwonse mukulemba pa msana wa miyendo ndi wa mzati. Kenaka, musanasunthe kanthu, lowetsani mpeni kunsi ndi kulemba pa mitanda motsatira m'mphepete mwa miyendo ndi mzati. Malo olumikizira ndi 6; lembani nambala pa matabwa onse awiri a malo aliwonse, kuyambira 1 mpaka 6, kuti musadzasokoneze mwendo wamanja ndi wamanzere.

Kusema malo olumikizira

Pa malo aliwonse, thabwa lililonse lisemedwa theka la kuchindikala kwake kuti awiriwo alowane n'kukhala athyathyathya. Miyendo ndi mzati zisemedwa kumsana, mitanda isemedwa kunkhope. Kusalala kwa kutsogolo n'kofunika chifukwa shelefu idzayenda ikukhudza miyendo yonse iwiri ndi mzati nthawi imodzi.

8. Tsitsani mizere ya mpeni m'mbali mwa thabwa ndi sikweya. Tcherani geji pa theka la kuchindikala, ndipo iyeseni pa kachidutswa: lembani kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo mizere ikakumana pamodzi, geji ili bwino. Polemba matabwa enieni, geji itsamire pa nkhope yakutsogolo nthawi zonse, pa miyendo ndi pa mitanda pomwe. Mukatero, ngakhale geji italakwika pang'ono, nkhope zidzafananabe. Khwatchani ndi pensulo mbali imene ichotsedwe. Kusema mbali yolakwika ndi kulakwitsa kofala kwambiri pa gawo lino, ndipo thabwa lotere silikonzeka.

9. Chekani ndi sowo yaing'ono mkati mwa mzere, kumbali yochotsedwa, kuti mzere wa mpeni utsale pa thabwa. Lekezani pa mzere wa geji ndipo muziyang'ana mbali zonse ziwiri, pakuti sowo imakonda kuzama kutali ndi maso. Pakati pa macheko awiriwo chekaninso kangapo motalikirana 1 cm. Panani thabwa pa benchi, ndipo ndi tchizulo ya 25 mm chotsani zidutswazo pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete umodzi kufika pakati, kenaka kutembenukira ku mphepete winawo. Mukapyoza ulendo umodzi kuchokera mbali imodzi, thabwa libenthuka potulukira. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa kuthwa kwa tchizulo nthawi zonse. Dzanja logwira thabwa kutsogolo kwa tchizulo ndi limene limavulala.

10. Yesani malo aliwonse popanda guluu. Thabwa liyenera kulowa ndi mphamvu ya dzanja kapena kugogoda pang'ono. Likakana, musalimenye, chifukwa paini ang'aluka. Palani pang'ono m'mphepete mwa thabwa lolowalo kapena sadzani khoma la mpata ndi tchizulo. Likalowa mogwedera, matani kachipalo kowonda ka thabwa pa khoma la mpatawo, kaume, ndipo yesaninso. Musayembekeze kuti guluu adzadzaza mpata, pakuti guluu woyera amalimba pokhapokha matabwa atakhudzana.

11. Boolani mzati ndi biti ya 9 mm musanamate chimango. Kokani mzere pakati pa nkhope yake ndipo lembani malo a mabowo motalikirana 5 cm, kuyambira 4 cm pamwamba pa mtanda wapansi mpaka 3 cm kuchokera kunsonga, mukulumpha malo a mtanda wapamwamba ndi kusiya 3 cm mbali zake zonse. Imikani sikweya pafupi ndi biti kuti muone ngati mukuboola choongoka. Nsonga ya biti ikangoonekera kuseri, tembenuzani thabwa ndi kumalizira kuchokera kumeneko kuti bowo lisanyenyeke.

Kumata chimango

12. Yalani nyuzipepala pa chojambula chija m'malo olumikizira okha, kuti mizere ina izionekabe. Pakani guluu pansi ndi m'makoma a mipata yonse, lowetsani mitanda, ndipo panani. Guluu woyera amayamba kugwira m'mphindi zochepa, makamaka kukatentha, choncho zopanira ndi nsanza yonyowa zikhale pafupi musanatsegule botolo. Yezani kuchokera ku phazi lamanzere kufika ku nsonga ya mwendo wamanja, ndi kuchokera ku phazi lamanja kufika ku nsonga ya mwendo wamanzere. Miyezo iwiriyi ifanane. Boolani ndi biti ya 3 mm mosapyoza ndipo mangani masikuluwu awiri a 19 mm pa malo aliwonse kuchokera kumsana. Pukutani guluu wotuluka nthawi yomweyo, chifukwa akauma amatsekereza vanishi n'kusiya mawanga oyera. Chimango chigone pansi pomwepo, chitapsinjidwa ndi njerwa, kwa maola 24. Mawa lake dulani mapeto a mitanda otuluka kunja kwa miyendo ndi kusalaza ndi puleni, mukupalira mkati kuti m'mphepete musabenthuke.

Shelefu ndi chogwirira chapamwamba

13. Tengani matabwa awiri a 65 cm. Limodzi liima chathyathyathya pa miyendo, linalo ligona pamwamba pa mphepete mwake n'kutulukira kutsogolo. Amateni ndi guluu ndi masikuluwu anayi a 40 mm, ndipo onani ndi sikweya kuti akumana bwino. Kutsogolo kwa thabwa logonalo matani kathabwa kowonda ka 10 mm m'lifupi ndi 15 mm msinkhu, kotchinga kanivasi ndi maburashi kuti zisagwe. Boolani bowo la 9 mm pakatikati pa thabwa loimalo.

14. Bawuti imodzi payokha siletsa shelefu kupendekera, ndipo apa ndi pamene ma easel ambiri opangidwa kunyumba amalepherera. Mangani shelefu pa mzati ndi bawuti, iwongoleni ndi sikweya kuchokera pa mzati, ndipo kumbuyo kwake matani tizidutswa tiwiri ta 70 mm m'litali ndi 40 mm m'lifupi, kamodzi kumanja kwa mzati, kena kumanzere. Pakati pa kachidutswa ndi mzati lowetsani pepala lopinda kawiri pamene mukumata, kuti patsale kampata koti shelefu iziyenda ngakhale nyengo ya mvula thabwa litafufuma. Tizidutswati tikhale topyapyala ndi 2 mm kuposa mzati kuti washa azipsinja mzati weniweniwo. Samalani kuti guluu asakhudze mzati, ndipo akauma onjezerani masikuluwu. Mutu wa bawuti ukhala kutsogolo, khosi lake la makona litamira m'thabwa ndi kugogoda kumodzi, ndipo washa ndi nati ya mapiko zikhala kumbuyo.

15. Chogwirira chapamwamba, chimene chimapana kanivasi kumtunda, chimapangidwa ndi chidutswa chimodzi cha 15 cm choimika. Mabowo a mzati atalikirana 5 cm, koma makanivasi sabwera m'miyezo yotsatira mabowo anu, choncho chogwirirachi chimafunika bowo lalitali la 7 cm kuti chizitsetsereka. Boolani mabowo a 9 mm moyandikana pa mzere wapakati, kuyambira 3 cm kuchokera kumtunda, ndipo lumikizani mabowowo ndi tchizulo yaing'ono mukusema kuchokera ku nkhope zonse ziwiri. Kumunsi kwake matani ndi kumanga kathabwa kotulukira kutsogolo 6 cm, kokhala ndi kamlomo koyang'ana pansi. Pa chogwirira ichi bawuti ilowere kumbuyo ndipo nati ya mapiko ikhale kutsogolo, kuti wojambula azimasula ataima pamalo pake.

Mwendo wakumbuyo

16. Matani pamodzi zidutswa ziwiri za 15 cm zotsala kuti zikhale chipika chochindikala 44 mm, ndipo chimateni ndi kuchimanga kumsana kwa mtanda wapamwamba, pakatikati. Ntchito ya chipikachi ndi kutalikitsa mwendo wakumbuyo kuti popinda easel usagunde nati ya shelefu. Gonekani chimango chafufumimba, ikani mwendo kumunsi kwa chipika, mbali ya kumapazi, mowongoka ndi mzati, msana wake utafanana ndi msana wa chipika, ndipo mangani hinjesi pamwamba: mbali yotakata pa chipika, mbali yaitali pa mwendo. Yambani ndi sikuluwu imodzi mbali iliyonse, onani ngati phazi la mwendo lili pakati penipeni pa mapazi akutsogolo, kenaka mangani otsalawo. Hinjesi ikapendeka ndi 2 mm kumtunda, phazi limasochera masentimita angapo kumunsi, ndipo easel imatsamira mbali imodzi.

17. Imikani easel ndipo tambasulani mwendo mpaka phazi lake litalikire mzere wa mapazi akutsogolo ndi 85 cm kapena 90 cm. Ngati chimango chaima chilili kwambiri moti chingagwere kutsogolo, fupikitsani mwendo wakumbuyo, 1 cm ulendo uliwonse, mpaka chitatsamira kumbuyo mokwanira kuti kanivasi ikhale yokha osagwiridwa. Potani kambedza kamodzi kumsana kwa mtanda wapansi ndi kena pa mwendo pa msinkhu womwewo, ndipo mangani tcheni kapena chingwe chokoka bwino. Easel isagwiritsidwe ntchito popanda tcheni ngakhale tsiku limodzi, makamaka m'nyumba za simenti yopakidwa polishi kapena za matailosi, ndiponso kumene kuli ana.

18. Mapazi akadali odulidwa pa sikweya, ndiye akuima ndi kangodya kokha. Easel ili chiimire pamalo athyathyathya, gonekani pensulo pa kathabwa kochindikala 1 cm ndi kuzunguliza phazi lililonse. Mzere umene watuluka ukutsata pansi ndendende. Dulani pamizerepo, sadzani m'mphepete pang'ono kuti musabenthuke pokoka easel, ndipo khomani labala ya tayala kunsi ndi timisomali tomira mkati mwa labalayo.

Kusalaza ndi kupaka

19. Masulani shelefu, chogwirira ndi hinjesi. Kwechani ndi sandipepa ya 80 pamene pali zipsera za sowo, kenaka 120 ndi 180 paliponse, motsatira mizere ya mtengo, mutakulunga sandipepayo pa kachipika. Mphepete zonse zakuthwa muzifafanize. Pukutani fumbi ndipo pakani vanishi kawiri kapena katatu mopyapyala, ulendo woyamba itasungunulidwa monga mwa malangizo a pa chitini, ndipo kwechani pang'ono ndi 180 pakati pa ulendo ndi unzake. Pakani mbali zonse, kumsana ndi kunsi kwa mapazi komwe, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mosiyana n'kupindika. Ine ndimakonda mafuta a linseed pa chipangizo chotere, popeza sapanga chikhungu chomata shelefu ku miyendo ndipo n'kosavuta kupakanso. Koma dziwani kuti nsanza yonyowa mafuta amenewa ikaunjikidwa imatentha yokha mpaka kuyaka moto. Iyaleni panja iume kapena iviikeni m'madzi. Zonse zikauma, pakani kandulo m'mbali mwa mzati ndi kumbuyo kwa shelefu kuti iziyenda mofewa.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Easel ikayamba kugwedera patapita mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zambiri matabwa anali osauma ndipo afota m'malo olumikizira. Ngati guluu wasiya, masulani masikuluwu, palani guluu wakale yense, tsekani mipata ndi zipalo zowonda ndi kumatanso. Guluu watsopano sagwira pa wakale.

Ena amakhoma misomali m'malo mwa masikuluwu, kapena amamanga masikuluwu osayamba aboola. Pa thabwa losemedwa mpaka 11 mm, zonse ziwirizi zimang'alula paini, makamaka kumapeto kwa mitanda ndi kumunsi kwa mzati. Sikuluwu yaitali kuposa 19 mm ingathe kutulukira kunkhope ndi kukanda shelefu.

Shelefu yokana kuyenda m'miyezi ya mvula imasonyeza kuti tizidutswa ta kumbuyo tinamatidwa mothina kapena vanishi inachuluka. Palani pang'ono m'mbali mwa tizidutswato, osati mzati, chifukwa mzati ukawonda pamalo amodzi shelefu idzagwedera ikafika pamenepo. Nati ikamamira m'thabwa, washa ndi wochepa; ikani wotakata, ndipo mangani ndi zala zokha popanda pulayala.

Pamene kanivasi yalekezera pa mtanda wapamwamba, pomwe palibe mabowo, musaboole pa malo olumikizirawo. Kwezani kapena tsitsani shelefu ndi bowo limodzi kapena awiri, ndipo chogwirira chipeza bowo lake.

Kuonjezera miyezo yonse kuti easel inyamule chikwangwani chachikulu cha malata kapena bolodi lolemera la m'kalasi ndi kulakwitsa kwina. Miyendo ya 45 mm ndi 22 mm imakwanira kanivasi, pepala la A1 pa pulayiwudi yopyapyala, kapena chithunzi cha pa chinkhoswe ndi ukwati. Katundu wolemera amafuna miyendo ya 2 x 2 ndi mapazi otalikirana kwambiri. Panja, kanivasi yaikulu imagwira mphepo ngati thanga la bwato, choncho pachikani thumba la mchenga kapena njerwa ziwiri pa mtanda wapansi.

Posunga, musagoneke easel pa dothi kapena kuitsamiritsa ku khoma lonyowa, chifukwa paini wopanda mankhwala chiswe chimamudya msanga. Ipindeni, imangeni ndi chingwe kuti mwendo wakumbuyo usalendewere pa hinjesi, ndipo iimikeni m'nyumba pamalo ouma, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo.